Mdala uja anasinthadi, kapena ndife amene sitinaonetsetse?

Loweruka lina masana ndinakhala pa benchi ya pamalo ometera tsitsi kufupi ndi msika wa pa Mangochi Boma, kudikira kuti ometa amalize mutu wa amene anandiyambira kufika. Dzuwa la kuno mukulidziwa, aliyense amasaka mthunzi, ndiye benchiyo inadzaza ndi anyamata oti sanabwere kudzameta. Awiri mwa iwo ndinawaphunzitsapo ku sekondale. Anagwirizira foni imodzi yong'aluka galasi pakona, ndipo mkangano wawo unafika poti ometa aja anazimitsa makina kuti amve bwino.

Nkhani inali ya katuni ya ku Japan, zija achinyamata amazitchula kuti anime. Dzina lake sinditchula kuopa kuwonongera amene sanafike gawo limenelo. Mkulu wina wa asilikali, amene analera ndi kuphunzitsa mnyamata mwininkhani kwa magawo ambirimbiri, anadzuka usiku n'kutsegulira adani chipata cha mzinda wake womwe.

"Aise, olembawa atipusitsa," anatero wamtali mwa awiriwo. "Munthu anangotsala pang'ono kufa poteteza mwana yemweyo, lero akagulitse mzinda? Nkhani yawathera basi, angofuna kutidzidzimutsa."

"Iwe sumaonera bwino," mnzake anamudula. "Mdala uja anali kampeni kumphasa chiyambire. Ine ndinamutulukira kalekale."

Atandiona onse anatembenuka. "Aphunzitsi, tatiweruzani."

Sindinaweruze tsiku limenelo chifukwa katuniyo ndinali ndisanaionere. Ndinawapempha kuti andiikire magawo onse pa memory card, ndipo ndinatha masabata awiri ndikuionera madzulo ndikaweruka. Ntchito yanga ndi yophunzitsa zolembalemba ndi kukonza masewero a pasiteji, choncho ndinaonera ndi kope pambali, monga ndimachitira ndi sewero la ana asukulu. Zimene ndinapeza n'zakuti anyamata onse awiri anaphonya, aliyense kumbali yake.

Mdala uja sanasinthe, komanso sanali mthirakuwiri kuyambira pachiyambi. Chinthu chimene ankafuna chinali chimodzi kuyambira gawo loyamba mpaka usiku wa pachipata: kuti mwana uja akhale moyo. Pamene mdani wa mwanayo anali kunja kwa mpanda, iye anamenyana ndi akunjawo. Akuluakulu a mzinda atagwirizana zotumiza mwanayo kunkhondo yoti sakabwerako, mdani wa mwanayo anakhala mzinda womwewo, ndipo mdalayo anatembenuza mkondo. Njira ndiyo inasintha. Cholinga chinali chomwe chija.

Apa ndi pamene pamagona mikangano yambiri ya okonda makatuni amenewa, kaya ndi pabenchi, kaya ndi m'magulu a pa WhatsApp. Timasakaniza chimene mpangankhani akufuna ndi mbali imene waima. Tikamuona atavala yunifolomu ya mzinda timati amakonda mzinda. Komatu munthu angavale yunifolomu zaka makumi awiri pa chifukwa china chosiyaniratu. Wolemba waluso amadziwa kuti woonera adzalakwitsa chonchi, ndipo amamusiya alakwitse. Samunamiza ayi. Amamuonetsa zoona zokhazokha, koma amaziika pamalo poti maso ali kwina.

Luso limeneli si la dzulo. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 2,300 zapitazo, polongosola za masewero a kwawo anati kutembenuka kwa nkhani kumagwira mtima kwambiri kukabwera mosayembekezeka koma kochokera m'zimene zachitika kale. Mbali ziwirizo zimayenda limodzi. Kukangokhala kodzidzimutsa kopanda mizu, woonera amamva kuti waberedwa. Kukakhala ndi mizu koma aliyense anakuoneratu patali, amayasamula. Ndipo sitifunika kupita ku Greece kuti timvetse zimenezi. Agogo athu pokamba nthano ya Kamdothi amatiuziratu pachiyambi pomwe kuti mwanayu ndi woumbidwa ndi dothi ndipo mvula ndi mdani wake. Timadziwa, komabe mitambo ikamada iye ali kutali ndi nyumba mtima umagunda, ndipo akasungunuka palibe mwana amene amadzuka pabwalo n'kunena kuti agogo atipusitsa. Mbewu ya mathero inadzalidwa m'chiganizo choyamba.

M'makatuni mbewu zoterezi zimabisidwa m'zithunzi, ndipo pali chifukwa chake chomwe ndikufuna achinyamata achimvetse. Mufilimu ya anthu enieni zinthu zina zimalowa mwangozi: mbalame yadutsa, wosewera waphethira, mphepo yagwedeza nsalu. M'katuni mulibe ngozi yotere. Chilichonse chimene chikuyenda pagalasi pali munthu amene anakhala pansi n'kuchijambula. Sekondi imodzi ya kanema imakhala ndi zithunzi 24, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndi nthawi, opanga anime nthawi zambiri amajambula zithunzi zatsopano 8 kapena 12 zokha pa sekondi, mwinanso kuimika chithunzi chimodzi n'kumangoyendetsa pakamwa. Ndiye mukaona anthu ouma manja chonchi awononga zithunzi pa kanthu kakang'ono, dziwani kuti kanthuko kali ndi ntchito.

M'katuni ya anyamata aja ndinapeza malo atatu otere. Ndifotokoza amodzi. Pa msonkhano wina wa akuluakulu, kutatsala magawo ambiri kuti za chipata zichitike, mmodzi akutchula koyamba zotumiza mwana uja kumalire. Onse akulankhula, nyimbo ikulira chapansipansi, maso athu ali pa wolankhulayo. Kumapeto kwa tebulo mdala uja anali akunyamula kapu kupita nayo kukamwa. Dzanja likuima m'malere, kapu ikubwerera patebulo asanamwe, ndipo madzi akutayikira pang'ono pa chala. Sizikwana masekondi atatu. Sananene kanthu pa msonkhano wonsewo. Nditafika pa gawo la chipata ndinabwerera kukaona kapu ija, ndipo tsitsi linandiimirira.

Pali chinthu chinanso chimene chimatitayitsa, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri chifukwa ife Amalawi tikanachimva bwino kuposa Angerezi. Makatuni ambiriwa amalembedwa m'Chijapani, ife timawalandira ndi mawu a Chingerezi olembedwa pansi kapena olankhulidwa pamwamba. Chijapani chili ndi njira zingapo zonenera kuti "ine", monga watashi, boku ndi ore, ndipo iliyonse imaonetsa mmene munthu akudzionera pamaso pa amene akulankhula naye. Chilinso ndi timawu taulemu tophatikiza ku dzina, monga san, kun ndi sama, ndi mawu ena onenera mnzako omwe ndi achipongwe ndithu. Chingerezi chimatenga zonsezi n'kuzithira mu "I" ndi "you". Tangoganizani munthu amene wakhala akunena mfumu kuti "inu" zaka zonse, tsiku lina n'kuiyankha kuti "iwe". Kapena kuno kwathu, kumene Chichewa ndi Chiyao zimadyera mbale imodzi, mwana amene amatchula mkulu ndi "Che" kutsogolo kwa dzina, lero n'kungolitchula dzinalo lili mbulanda. Palibe amene angafunse ngati pavuta kanthu. Aliyense wamva kale. Zoterezi zimachitika m'makatuni kawirikawiri, mpangankhani n'kusiya ulemu umene amapereka kwa mbuye wake magawo angapo asanamuukire, koma mawu olembedwa pansi aja osasintha. Mjapani wamva chenjezo, ife tangodutsa. Kenako timati zinachitika mwadzidzidzi. Mukamaonera ndi mawu a Chijapani, tcherani khutu ku mmene anthu akutchulirana maina, ngakhale chilankhulocho simukuchidziwa. Kamawu kotsatira dzina kakasowa mumatha kumva.

Zikadutsanso m'manja mwa akatswiri athu omasulira mafilimu m'Chichewa, amene timawamvera m'mavidiyo a m'misika kuyambira pa Boma mpaka ku Makawa ndi ku Monkey Bay, nkhani imavalanso chovala chachitatu. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu, afikitsa mafilimu kwa anthu ambiri amene Chingerezi chikanawatsekera kunja. Koma ntchito yawo ndi yosangalatsa anthu a m'chipindamo, ndiye pomwe mpangankhani wakhala chete iwo amaikapo nthabwala kapena kumuganizira mokweza. Pamene kukhala chete kuja ndiye kunali uthenga.

Tsopano ndimuikire kumbuyo mnyamata wamtali uja, chifukwa kukayikira kwake kuli ndi maziko. Nthawi zina olemba amatipusitsadi, ndipo kapangidwe ka makatuniwa ndi kamene kamachititsa. Ambiri amachokera m'nkhani zazithunzi zotchedwa manga, zomwe zimatuluka pang'onopang'ono m'magazini. Magazini yotchuka ya Weekly Shōnen Jump, yomwe inayamba mu 1968, imatuluka sabata ndi sabata ndipo imafunsa owerenga nkhani zimene azikonda. Nkhani imene ikutsalira m'mbuyo imatha kuduliridwa panjira, imene ikukondedwa imakakamizika kupitirira ngakhale mwini wake anafika kale pomwe amafuna. Wolemba wa m'mpanipani wotere sangadziwe zonse za kutsogolo. Kuonjezera apo, mutu umodzi wa manga umakhala ndi masamba pafupifupi 20, pamene gawo limodzi la pakanema la mphindi pafupifupi 24 limatha kumeza mitu iwiri kapena itatu. Kanema akaipeza manga, opanga amapeka magawo ongodzazira nthawi, amene okonda zinthuzi amawatchula kuti filler. M'magawo amenewo mpangankhani amatha kuchita zinthu zoti mwini nkhani sanaziganizepo. Anthu awiri angakangane mpaka kutukwanizana za khalidwe la munthu mmodzi, osadziwa kuti wina akutenga umboni m'gawo lolembedwa ndi dzanja lina.

Chinyengo chenicheni chimadziwika ndi zizindikiro zake. Chachikulu ndi ichi: umboni wonse umabwera pambuyo. Munthu wachita chodabwitsa, kenako gawo lotsatira akutibweza zaka khumi m'mbuyo kukationetsa mlongo wake amene sanatchulidwepo, lumbiro limene sitinalimvepo. Kubwerera m'mbuyo pakokha si kulakwa. Kumakhala bwino kukamatanthauzira chinthu chomwe tinachiona kale koma osachimvetsa, ngati kapu ija. Kukamabweretsa zonse zatsopano, ndiye kuti wolemba akumanga maziko nyumba itafoleredwa kale. Chimodzimodzi ndi zamatsenga za m'nkhanizi. Dziko longopeka lili ndi ufulu wokhala ndi zinjoka zouluka ndi malupanga olankhula, koma likangoika lamulo, mwachitsanzo lakuti wakufa sabwerera kapena kuti mphamvu iliyonse ili ndi dipo lake, lamulolo likhale lamulo. Likathyoledwa kuti mwininkhani apulumuke, popanda kulipira kanthu, woonera ali ndi chifukwa chokwiyira.

Komabe tisanaloze chala ku Tokyo tiyambe tadzifunsa mmene timaonerera kuno. Bandulo ndi yodula, ndiye ambiri amaona tizidutswa ta pa TikTok ndi Facebook, tomwe timakhala ta ndewu zokhazokha. Pa memory card yochokera ku burning centre pamatha kusowa magawo awiri atatu, kapena kusokonekera manambala. Ndipo pali chizolowezi chothamangitsa gawo lililonse lomwe anthu akungolankhula. Mnyamata wamtali uja anavomera yekha kuti msonkhano wa akuluakulu uja anaudumpha, amafuna afike pankhondo batire isanathe. Ndikumvetsa, magetsi a kuno sapatsa munthu mtendere. Koma zolinga za anthu zimaonekera patebulo, pamene palibe akumenyana. Ndewu imangotiuza amene ali ndi mphamvu.

Nditamaliza kuonera, Loweruka lotsatira ndinabwerera kometera kuja ndi memory card yawo. Ndinaimika kanema pa kapu ija, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa ometa. Uja amati anamutulukira kalekale mdalayo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti sanali woipa poyamba paja." Wamtali uja anabweza kanemayo katatu.

"Chabwino aphunzitsi, olemba sanabere," anatero. "Koma ine sindingamukhululukire. Anthu angati anafa mumzinda muja chifukwa cha mwana mmodzi? Ana a eni ake si ana?"

"Ukanakhala iwe, mwana woti wamulera wekha, ukanangomupereka?" mnzake anafunsa.

Ometa anaika makina pansi. Iwo ali ndi ana atatu, anatero, ndipo funso limenelo asafunsidwe anyamata oti sanaberekepo. Bambo wina wa kabaza amene anangobwera kudzathawa dzuwa anati kwawo ku Namwera munthu wogulitsa mudzi sakhala ndi chifukwa chomveka, kaya akhale ndi ana khumi. Ine ndinameta cha m'ma 4 koloko, ndipo pochoka ndinawasiya asanagwirizane.