Achule ayamba kulira, njoka nazo zatuluka: zoti mudziwe musanalumidwe komanso mukalumidwa

Abale anga, mvula ikangogwa kawiri katatu basi usiku wonse ndi phokoso la achule kudambo, ife timangoti eya dzinja lafika tiyeni kumunda, koma kwa njoka phokoso lomwelo ndi belu la chakudya. Nyengo imeneyi ndi imene anthu ambiri amalumidwa, kunja kwafunda, udzu watalika, ife tili jijirijijiri kupalira ndi kubandira, njoka nazo zili pa ulendo wosaka, ndiye kukumana kwake sikuvuta.

Nkhaniyi si yaing'ono ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa ndi njoka padziko lonse, ndipo omwalira amakhala pakati pa 81,000 ndi 138,000, osawerengera odulidwa miyendo ndi manja ndi ena olumala omwe ndi ochuluka kuposa pamenepa. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda a kumadera otentha amene akhala akunyalanyazidwa, ndipo mu 2019 linaika cholinga choti pofika 2030 imfa ndi kulumala zitsike ndi theka. Olumidwa ambiri ndi alimi, ana oweta ziweto, amayi otola nkhuni, anthu amene chipatala chili kutali nawo.

Ofufuza za njoka ndi achule amatithandiza chani?

Ena amaseka akamva kuti pali anthu ophunzira mpaka digiri amene ntchito yawo ndi kuyenda usiku ndi tochi kumadambo kuwerenga achule ndi kutsatira njoka, amati koma anthu ena ndalama zawachulukira eti. Koma zimene timauza anthu pa nkhani yopewa zimachokera kwa iwowo. Kuno kwathu ntchitoyi inayamba kale, Arthur Loveridge wa ku yunivesite ya Harvard ku America anayenda m'dziko muno mu 1948 ndi 1949 kutolera njoka, abuluzi ndi achule, R.C.H. Sweeney anatulutsa buku la njoka za Nyasaland mu 1961, ndipo Margaret Stewart analemba la achule a m'Malawi mu 1967. Chifukwa cha anthu ngati amenewa tikudziwa kuti m'Malawi muli mitundu ya njoka yopitirira 60 ndipo yambiri mwa iyo siingaphe munthu, yoopsa zenizeni ndi yochepa, komanso tikudziwa kuti ndi iti imakonda kuti.

Kudziwa kumene njoka iliyonse imapezeka ndi nkhani ya chipatala mwachindunji. Mankhwala opha ululu wa njoka, amene achipatala amati antivenom, amapangidwa pobaya mahatchi ululu pang'onopang'ono kenako n'kutenga chitetezo chimene chapangika m'magazi mwawo, ndiye amagwira pa njoka zokhazo zimene ululu wake unagwiritsidwa ntchito powapanga, kapena abale ake apafupi. Antivenom wopangira njoka za ku India sangakuthandizeni mphiri ya ku Ntcheu ikakulumani. Boma likamagula mankhwala liyenera kudziwa kaye kuti dera lakutilakuti kuli njoka zanji, apo ayi ndi kutaya ndalama. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anaika pa mapu komwe kumapezeka njoka zaululu n'kuyerekeza ndi kutalika kwa zipatala, ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 93 miliyoni amakhala m'madera amene njoka zoopsa zilipo koma thandizo ndi lovuta kulipeza, ambiri a iwo muno mu Africa ndi ku Asia.

Mphiri, mwini wake wa njira

Ndikhalitsa pa mphiri chifukwa ndi imene imavulaza anthu ambiri kuno. Njoka zina zikamva mgugu wa mapazi zimathawa, mphiri ayi, imangoti phee pamasamba ouma kapena m'mbali mwa njira, ikhoza kukhala malo amodzi masiku angapo kudikira mbewa kuti idutse, ndipo khungu lake ndi masamba ouma simungasiyanitse. Ofufuza a pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg mu 2015 anayesa ndi agalu ophunzitsidwa kununkhiza, agaluwo ankatha kuzindikira fungo la njoka zina koma la mphiri ankalephera, ndiye amene mumati ndili ndi galu andiuza, iwalani. A pa yunivesite yomweyo anatchera makamera m'tchire n'kujambula mphiri ikutulutsa lilime n'kumaligwedeza pang'onopang'ono ngati nyongolotsi kuti chule abwere pafupi, chule akangoti ndadya lero, wadyedwa ndi iyeyo. Mukuona tsopano kugwirizana kwa achule ndi njoka? Pamene pali achule ambiri, pa mjigo pamene madzi amadikha, kuseri kwa bafa, pansi pa getsi la pakhonde pamene achule amabwera kudzadya ngumbi, pamenepo usiku yendanipo ndi maso.

Msuweni wanga wina zinamuchitikira chonchi, usiku cha m'ma 9 koloko akupita kuchimbudzi, patapata kuphazi, foni yokhala ndi tochi waisiya pamphasa poti njira ndi yodziwika kale. Anangomva ngati waponda khala lamoto pa kakolo. Achibale mwachikondi chawo anathamanga kukatenga legeni wa chubu cha njinga n'kumanga pansi pa bondo zolimba kwambiri, wina n'kubwera ndi lezala kutema mphini pabalapo n'kupakapo zakudazakuda, kunacha ali pakhomo. Pofika kuchipatala mawa lake masana mwendo unali ngati mtondo, matuza ali mbwee, phazi lazizira. Mwendo unapulumuka koma anagona m'chipatala nthawi yaitali ndipo chaka chimenecho sanalime. Adokotala ananena mosabisa kuti ululu unaononga mbali yake, koma legeni uja ndi kuchedwa kuja zinaonjezera kwambiri.

Zina zoti muzidziwe

Mayina a njoka amasiyana malinga ndi dera, dzina limodzi lomwelo kwina akunena njoka ina, ndiye ndifotokoza ndi khalidwe lake. Pali ija imadzutsa mutu n'kufutukula khosi n'kulavulira m'maso, m'mabuku amati Mozambique spitting cobra. Imeneyi imadya achule ndi makoswe ndipo siopa kulowa m'nyumba usiku, anthu ambiri imawaluma ali mtulo pansi, makamaka ana, nthawi zina kumaso kapena m'manja, bala lake limanyeka mnofu n'kumatha. Pali black mamba imene ena amati songo, yaitali yothamanga, yotuwa koma m'kamwa mwakuda, imakonda m'zulu zakale, m'mapanga ndi m'mphako. Ululu wake sutupitsa kwenikweni koma umafoola thupi, zikope zimayamba kugwa ngati munthu ali ndi tulo, kulankhula kumavuta, malovu kumangotuluka, kenako kupuma kumakanika, ndipo izi zikhoza kuchitika m'maola ochepa kwambiri. Nalikukuti uja amaoneka ngati kamtengo kouma, ndi mnzake wa m'mitengo wa maso akuluakulu amene amati boomslang, awa saluma wamba koma akaluma magazi amasiya kuundana, ndipo choipa chake munthu amakhala bwinobwino maola ambiri, mwina mpaka tsiku, n'kumati palibe chachitika, kenako magazi m'nkhama, m'mphuno, mu mkodzo. Chakumpoto m'nkhalango za ku Nkhata Bay kulinso mkulu wake wa mphiri, Gaboon, wa mano aatali kuposa njoka ina iliyonse yaululu.

Ndiye pali kanjoka kena kakang'ono kakuda konyezimira kokhala pansi pa nthaka kamene kamatuluka mvula ikagwa, anthu amakatola poganiza kuti ndi kopanda vuto. Kameneka mano ake amatulukira cham'mbali, ngakhale mukagwire kukhosi kamakubayani chala, ndipo ena zala zinaduka nako. Antivenom wake kulibe. Anyamata okonda kuonetsa ukatswiri pogwira njoka ndi manja kuti ajambulitse za pa WhatsApp, ndi inu ndikunena.

Kupewa

Zambiri apa n'zosafuna ndalama. Usiku tochi, ngakhale ulendo wake ndi wa pakhomo pomwepo kupita kuchimbudzi, ndipo muziwalitsa pansi pamene mukuponda osati kutsogolo kutali. Kumunda ndi kudimba gambutsi ngati muli nazo, kaya nsapato iliyonse yotseka ndi buluku lalitali, kusiyana ndi kuyenda chosavala. Nsapato zogona panja zikhutumuleni kaye musanaloze phazi. Neti ya udzudzu ija ipisireni bwinobwino pansi pa mphasa kapena matiresi mbali zonse, imateteza ku malungo komanso ku njoka zolowa m'nyumba, ndipo ngati n'kotheka kugona pamwamba gonani pamwamba. Tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndi maenje a makoswe m'zipupa.

Njoka imatsata chakudya ndi pobisala, basi. Chimanga chikamangotayika m'nyumba makoswe amabwera, makoswe akabwera mwini wawo amabweranso. Khola la nkhuku, nkhokwe, mulu wa nkhuni, njerwa ndi malata akale zikhale patali ndi nyumba yogona, udzu wa pakhomo muzitchetcha. Potola nkhuni kapena kunyamula mapesi amene akhalitsa pansi yambani mwagwedeza ndi ndodo. Ana okumba mbewa auzeni kuti dzanja salowetsa ku una, una wa mbewa lero mawa ndi nyumba ya njoka. Kumadera a madzi osefukira ngati Nsanje ndi Chikwawa, madzi akakwera njoka nazo zimathawira kumtunda komwe kwathawira anthu, ndiye pobwerera m'nyumba yang'anani kudenga, m'madengu ndi m'zofunda. Zothira oyilo wakuda kuzungulira nyumba kapena kuotcha matayala sizithamangitsa njoka, mungodzipweteka ndi utsi.

Mukakumana nayo bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono muipatse njira. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kuipha, ndipo mutu wa njoka yoti yaphedwa kumene umathabe kuluma.

Munthu walumidwa, titani?

Muchotseni pamene pali njokapo, mukhazikeni pansi ndipo mumulimbitse mtima, chifukwa si kuluma kulikonse kumene njoka imasiya ululu ndipo anthu ambiri amachira akafika kuchipatala msanga. Vulani mphete, zibangili, wotchi, nsapato, chilichonse chothina, kutupa kusanayambe. Mwendo kapena mkono wolumidwawo usamagwedezeke, ikani kathabwa kapena ndodo m'mbali n'kukulunga ndi chitenje mosathina ngati mmene timachitira munthu akathyoka. Asathamange, asayende ngati pali njira yomunyamulira, pezani kabaza, njinga yamoto, ngolo, galimoto ya aliyense, ndipo pa njinga yamoto pakhale munthu wachitatu kumbuyo womugwira chifukwa akhoza kufooka panjira. Akayamba kusanza kapena kufooka mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe. Kumbukirani nthawi imene walumidwa, achipatala adzafunsa.

Osamanga ndi legeni, chingwe kapena luzi. Osatema, osayamwa ndi pakamwa, osaotcha, osaika kamwala kakuda kaja amati kamayamwa poizoni, sikachotsa kanthu. Osamupatsa mowa. Bala likamapweteka kwambiri panado ali bwino, koma asipulini ndi bulufeni ayi chifukwa amaonjezera kutaya magazi. Njokayo musataye nthawi kuisaka, ngati wina anaijambula ali patali zili bwino, koma ngakhale osaidziwa achipatala amaona zizindikiro, amayeza kutupa, amaika magazi pang'ono m'kabotolo kagalasi n'kudikira mphindi 20 kuti aone ngati aundana.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno njoka ikaluma munthu pakhomo funso loyamba limakhala lakuti yatumidwa ndi ndani, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa asing'anga. Sindikufuna kukangana ndi chikhulupiriro cha munthu, koma ululu sudikira kuti mlandu uthe, pitani kuchipatala kaye, zinazo mukakambirana wodwala ali moyo. Ndikudziwanso kuti ena amati kupitanso kuchipatala n'kukapeza antivenom kulibe ndiye phindu lake n'chani. Zoona mankhwalawa ndi odula ndipo amasowa mu Africa muno, makamaka chichokereni pamene kampani ya Sanofi inasiya kupanga antivenom wotchedwa Fav-Afrique, amene omaliza ake anatha mphamvu mu 2016. Koma chipatala si antivenom yekha, kuli dilipi, jakisoni wa kafumbata, kutsuka bala, kuthandiza munthu kupuma, kuika magazi, ndi kukutumizani ku chipatala chachikulu ngati pakufunika. Antivenom amaperekedwa kuchipatala kokha chifukwa anthu ena thupi limadana naye ndipo pamafunika wachipatala pafupi. Mwana amalandira mlingo wofanana ndi wa wamkulu poti njoka siichepetsa ululu ikamaluma mwana, ndipo kathupi kochepa kamagonja msanga, ndiye mwana ndi mayi woyembekezera musazengereze nawo ngakhale pang'ono.

Njoka ikakulavulirani m'maso musatikite, tsukani ndi madzi oyera ambirimbiri kwa mphindi 15 kapena kupitirira, wina azithira inu mukuphethira, kenako kuchipatala akaone ngati diso lakandika. Osathiramo madzi a masamba, fodya kapena sopo.

Akakuuzani kuti mugone kuchipatala akuoneni kaye ngakhale mukumva bwino, gonani, kumbukirani za nalikukuti zija. Ndipo mukatuluka n'kuona magazi m'nkhama kapena mu mkodzo, bala likuda kapena kununkha, kutentha thupi, kapena zotupatupa zoyabwa patapita sabata imodzi kapena ziwiri mutalandira antivenom, bwererani konko tsiku lomwelo ndi buku lanu la kuchipatala.