Maselo a stem cell amaleredwa m'labotale, sagulitsidwa m'mapaketi

Odwala shuga ndi sitiroko kuno ku Mulanje akumatifunsa kuchipatala za ufa wa m'mapaketi umene ukutsatsidwa pa WhatsApp ndi dzina loti "stem cell". Yankho limamveka bwino munthu akadziwa mmene maselo enieniwo amaleredwera.

Awa ndi maselo amene sanapatsidwe ntchito yakeyake m'thupi, motero amachulukana n'kusanduka a magazi, a khungu kapena a ubongo. Mu 1998 James Thomson wa ku yunivesite ya Wisconsin anakwanitsa kuwalera kuchokera ku mluza wa munthu wa masiku ochepa, zomwe zinabutsa mkangano waukulu. Mu 2007 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto anaonetsa kuti selo ya khungu la munthu wamkulu ingabwezedwe ku ukhanda poikamo majini 4 (genes, timalangizo ta m'selo totengera kwa makolo), ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel.

Amene anagwirapo ntchito pa nazale ya tiyi ku Mimosa kuno ku Mulanje amadziwa kuti kamtengo kodulidwa sikachedwa kufota chinyezi ndi mthunzi zikapereweza; maselowa ndi osalimba kuposa pamenepo. Amakhala m'timbale totsekedwa, m'bokosi lofunda madigiri 37 ngati thupi la munthu, ndipo madzi a chakudya chawo amasinthidwa pafupifupi tsiku lililonse. Kachilombo kakalowa m'mbale kapena magetsi akazima nthawi yaitali, ntchito ya miyezi ingapo imatayika. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine n'chakuti maselo amene sanamalize kusandulika, akaikidwa m'thupi, amatha kumera chotupa chotchedwa teratoma, n'chifukwa chake amapimidwa mobwerezabwereza asanafike kwa wodwala.

Chithandizo chotsimikizika chilipo, koma n'chochepa. Kuika mafuta a m'mafupa kwa odwala khansa ya m'magazi kunayamba kalekale, ndipo mu 2023 dziko la Britain linavomereza Casgevy, njira yokonza maselo a wodwala sickle cell m'labotale n'kuwabwezera m'thupi mwake. Sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, amazunza ana athu ambiri, koma mtengo wa chithandizocho ku America ndi madola 2.2 miliyoni.

Selo yamoyo ya mtunduwu singapirire kuumitsidwa kukhala ufa, ndipo ikamezedwa imagayidwa m'mimba ngati ndiwo. Wodwala shuga amene wasiya insulin chifukwa cha ufawu angathe kukomoka m'masiku ochepa, choncho asanagule aonetse paketiyo kwa dokotala wake, afunsenso ngati inalembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe la boma loona za mankhwala.