Mafuta a steroid sachiza chipere, siyani kubwerekana

Masiku ano kuchipatala kuno tikulandira anthu ambiri amene chipere chawayala msana wonse, m'ntchafu mpaka kumaso. Tikawafunsa, nkhani ndi imodzimodzi: mnzawo anawapatsa kachubu ka mafuta, atadzola kuyabwa kunaleka, iwo nkumati achira. Abale, kuleka kuyabwa si kuchira ayi.

Mafuta a steroid monga hydrocortisone, betamethasone ndi clobetasol ndi mankhwala abwino ndithu. Amatontholetsa chitetezo cha thupi pakhungu chikalusa, ndipo kutupa, kufiira ndi kuyabwa zimachepa m'masiku ochepa. Nchifukwa chake timawapereka pa chikanga ndi psoriasis, nthenda ina yapakhungu yosapatsirana. Hydrocortisone wa 1% ndi wofatsa, pamene clobetasol ndi wamphamvu kwambiri, sayenera kufika kumaso.

Koma chipere chimayamba ndi mafangasi, ndipo mphere ndi tizilombo tokumba pansi pa khungu. Steroid sapha chilichonse mwa ziwirizi. Amangogoneka asilikali a thupi, mafangasi nkumadya mwaufulu. Kamkombero kaja ka chipere kamafufutika, banga limakula mopanda malire, moti pofika kuchipatala ngakhale ife timavutika kulizindikira. Mukangosiya kudzola, chimabuka moposa kale, inu nkuthamangiranso kachubu komweko. Apa ndiye pamene pakutidetsa nkhawa.

Chipere chimafuna clotrimazole kapena miconazole kwa masabata awiri mpaka anayi, ndipo cha m'mutu chimafuna mapiritsi monga griseofulvin. Mphere imafuna benzyl benzoate kapena permethrin, banja lonse nthawi imodzi.

Kudzola steroid kwa miyezi, makamaka pofuna kuyeretsa khungu, kumalipepuza mpaka timitsempha kumaonekera. Pamabwera ziphuphu ndi mizere yosafufutika m'khwapa ndi m'ntchafu, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Pafupi ndi maso angayambitse ng'ala. Khanda musalidzoze mkati mwa thewera popanda uphungu, khungu lake limayamwa mankhwala ambiri.

Achipatala akakulemberani, musaope, dzolani pamene padwala pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku. Finyani kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pamzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, okwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Masiku amene mwauzidwa akatha, lekani.

Ndibwerezenso: banga lozungulira, loyabwa, lamakoko m'mphepete, musalidzoze mafuta obwereka. Bwerani tilione kaye. Ngati munayamba kale kudzola, tengani kachubuko tidzawerenge dzina lake, ndipo mudzatiuze zoona kuti mwadzola kwa nthawi yaitali bwanji.