Katswiri wa zachuma akufunanji kukhoti?

Ndikauza anthu kuti ndimaphunzitsa zachuma koma kafukufuku wanga ndi wa makhoti ndi malamulo oyendetsera dziko, ambiri amandiyang'ana ngati ndasochera. Amalume anga mpaka lero amati ndine loya. Tsiku lina anafika kunyumba ndi mapepala a mkangano wa malire a munda, atawakulunga bwinobwino m'jumbo. Ndinati, "Amalume, zamilanduzi ine sindizitha. Yanga ntchito n'kuwerengera kuti mikangano ngati wanuwu ikudya ndalama zingati m'dziko muno." Anangopukusa mutu, mapepala aja n'kuwabwezera m'jumbo.

Nkhani yake imayambira pakauntala. Pitani kusitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, mupemphe matumba 200 a simenti, munene kuti mudzalipira mwezi ukatha. Mwini sitolo akakana, sikuti wakuonani nkhope ya wakuba. M'mutu mwake akuchita masamu: munthuyu akapanda kulipira, nditani naye? Ndifune loya, ndikasume, mlandu auimitse kaye chifukwa mboni sinabwere, auimitsenso chifukwa fayilo siikuoneka, chigamulo chituluke, kenako ndiyambe kuthamangitsana ndi woti akalande katundu. Makolo amati mlandu suola, ndipo sananame. Koma kwacha imaola. Mu November 2023 inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali kudikira chigamulo cha ngongole yake anadzuka m'mawa ndalama ija itachepa, mlandu uli pomwepo.

Ndiye mwini sitolo amangokongoza achibale ndi a mpingo wake, anthu oti akazemba adziwa kowapeza. Banki imafuna chikole cha nyumba ya mapepala, ndipo pa chiwongoladzanja imaonjezerapo kena kophimba ngongole zomwe sizidzabwezedwa. Wakatapila ndiye sadalira khoti n'komwe. Amasunga khadi lanu la kubanki m'thumba mwake, mwezi ukatha n'kukatapa yekha. Kuchedwa kwa makhoti mumakulipirira ngakhale simunapondepo pakhomo la khoti.

Izi ndi za anthu wamba okhaokha. Nanga wokongola akakhala boma lenilenilo, lomwe lili ndi apolisi ndi asilikali?

Funso limeneli ndi lomwe akatswiri awiri a ku America, Douglass North ndi Barry Weingast, analiyankha mu 1989 poyang'ana mbiri ya England. Mafumu a kumeneko ankakongola, akapanikizika n'kungolengeza kuti salipira. Mfumu Charles II inachita zimenezi mu 1672. Wobwereketsa akadandaule kwa yani, pomwe jaji akhoza kuchotsedwa ndi mfumu yomweyo? Zinasintha kuyambira 1688, pamene nyumba ya malamulo inatenga mphamvu pa misonkho ndi ngongole za boma, ndipo lamulo la 1701 linatseka njira yoti mfumu izichotsa majaji mwakufuna kwake. Chodabwitsa n'chakuti boma lomangidwa manjali ndi lomwe linayamba kupeza ndalama mosavuta. Ngongole yake inali pafupifupi mapaundi 1 miliyoni mu 1688, koma pofika 1697 inali itapitirira mapaundi 16 miliyoni, ndipo m'zaka zotsatira chiwongoladzanja chinatsika kwambiri. Anthu anatulutsa ndalama zawo chifukwa tsopano kunali wina woti angauze mfumu kuti ayi. Akatswiri ena a mbiri amatsutsa, amati kusinthaku kunatenga nthawi yaitali ndipo nkhondo zinathandizirapo. Ali ndi mfundo, koma ine ndimaonabe kuti North ndi mnzakeyo anagwira pamtima pa nkhani.

James Buchanan, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986, ankayerekeza malamulo oyendetsera dziko ndi malamulo a masewera, ndipo ankasiyanitsa kusewera ndi kugwirizana malamulo a masewerawo. Wabawo amadziwa zimenezi: malamulo amakambidwa nkhomo zisanathiridwe m'maenje, osati wina akaona kuti akudyedwa.

Koma kulemba malamulo abwino n'kosavuta. Pafupifupi dziko lililonse linalemba kuti makhoti ake ndi oima paokha. Kwathu kuno zili mu gawo 103 la malamulo oyendetsera dziko. Apa ndi pomwe ntchito yathu imafika potopetsa, komanso pokoma. Mu 2003 akatswiri awiri a ku Germany, Lars Feld ndi Stefan Voigt, anapanga miyeso iwiri. Woyamba unayeza zolembedwa: jaji amasankhidwa bwanji, kwa zaka zingati, angachotsedwe motani. Wachiwiri unayeza zochitika: kodi majaji amakhaladi zaka zomwe lamulo limanena? Ndi angati anachotsedwa nthawi yawo isanakwane? Malipiro awo ndi bajeti ya khoti zikuyenda limodzi ndi kukwera kwa mitengo, kapena boma likuwalanga ndi njala mwakachetechete? Chiwerengero cha majaji m'khoti lalikulu chasinthidwa kangati? Atayerekeza ndi kukula kwa chuma m'maiko ambiri, anapeza kuti zolembedwa zija sizikugwirizana ndi kukula kwa chuma, pomwe zochitika zikugwirizana nako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, uja wa pachala ndi wamphepo.

Ophunzira anga ndimawachenjeza pamenepa. Mwina makhoti abwino amalemeretsa dziko, mwinanso dziko lolemera ndi lomwe limakwanitsa kusamalira makhoti ake. Kulekanitsa ziwirizi kwamalizitsa anthu tsitsi m'mutu, ndipo amene amakuuzani kuti jaji mmodzi wolimba mtima aonjezera chuma ndi maperesenti akutiakuti akukugulitsani mankhwala a pamsika.

Amalawi taona mbali zonse ziwiri. Nthawi ya chipani chimodzi kunali lamulo la Forfeiture Act la 1966, lomwe linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda iye kukadandaula kukhoti. Milandu ikuluikulu, monga kupha ndi kuukira boma, inasamutsidwira kumakhoti a miyambo komwe loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Orton Chirwa, yemwe anali loya, pamodzi ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti lotere mu 1983. Taganizani munthu wa ndalama zake pa nthawiyo: amange fakitale, kapena angozibisa?

Kenako kunabwera 2020. Pa 3 February majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija cha tipeksi, ndipo khoti la apilo linagwirizana nawo pa 8 May. Mu Africa, Kenya yokha ndi yomwe inali itachitapo zotere, mu 2017. Kwa ife owerengera, chofunika kwambiri chinachitika mu June, boma litalengeza kuti jaji wamkulu Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikirira kupuma ntchito nthawi yake isanakwane. Khoti linapereka chiletso, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo jajiyo anakhalabe pampando. Limenelo ndi funso lenileni la Feld ndi Voigt, likuyankhidwa ife tikuona.

Komabe, ndinene mosapsatira, mbiri yabwino ya pamwambayi sinatsike kufika pakauntala ija ya ku Limbe. Khoti likhoza kulimba pamaso pa pulezidenti koma n'kulephera kumaliza mlandu wa simenti m'zaka zitatu. Nthambi ya High Court yoona za malonda inakhazikitsidwa mu 2007 kuti ifulumizitse milandu yotere, koma wamalonda wamng'ono wa ku Mchinji kapena ku Nsanje amathera kwa majisitireti, komwe nthawi zina vuto limakhala mapepala olembapo ndi mafuta a galimoto. N'chifukwa chake chaka chilichonse ndimatuma ophunzira kuti akakhale pabenchi ya khoti ndi kope, azilemba zinthu zitatu zokha: mlandu unalowa liti, waimitsidwa kangati, chifukwa chake n'chiyani. Amabwerako atatopa, koma ndi mafunso anzeru kuposa omwe ananyamuka nawo.

Za munda wa amalume zija zinathera kwa anyakwawa. Anakhala pansi pa mtengo Loweruka kawiri, akuluakulu anayenda m'malire n'kuloza pomwe panali chitsa cha msuku, ndipo wolakwa anapereka nkhuku. Ndinawafunsa amalume masiku omwe zinatenga ndi ndalama zomwe anawononga, ndinalemba m'kope langa.