Kagonekedwe ka mayi pa opaleshoni yobereka akamagonetsedwa tulo: mafunso ndi mayankho

Kawirikawiri mayi wobereka kudzera pa opaleshoni ku Mbuya Nehanda, chipatala cha amayi cha ku Parirenyatwa, kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amabayidwa jakisoni wa pamsana ndipo amakhala ali maso. Koma magazi akamatayika kwambiri, mwana akakhala pangozi yosalola kudikira, kapena jakisoniyo akakanika kugwira, mayi amagonetsedwa kotheratu, ndipo mmene wagonera pa tebulo la ku fiyeta imakhala nkhani ya moyo.

N'chifukwa chiyani amayamba akonza mapilo pamene zinthu zili zachangu?

Mankhwala ogonetsa akangolowa m'thupi, mayi amasiya kupuma yekha, choncho dokotala wogonetsa ayenera kulowetsa chubu m'kholingo mwake kuti makina amupumire. Kwa mayi wodwala pakati ntchitoyi ndi yovuta kuposa kwa munthu wina aliyense. Chiberekero chimakankhira mapapo m'mwamba, moti mpweya wotsalira m'mapapo umachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, pomwe thupi likufuna okosijeni wambiri chifukwa likupumira anthu awiri. Pakhosi pamatupanso, makamaka kwa amene magazi awo athamanga chifukwa cha pakati ndi amene akhalitsa pa matenda. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti chubu chimakanika kulowa mwa mayi mmodzi pa amayi pafupifupi 390 ogonetsedwa motere. Mayi akagona, nthawi yokonza zolakwika imakhala yochepa kwambiri, n'chifukwa chake mphindi yokonza mapiloyo siyenera kudumphidwa ngakhale aliyense akufulumira.

Kodi mayi amagonekedwa motani?

Malangizo a 2015 a mabungwe a ku UK, Obstetric Anaesthetists' Association ndi Difficult Airway Society, amalimbikitsa kukweza kumutu kwa tebulo ndi madigiri 20 mpaka 30. Kwa mayi wathupi lalikulu, anamwino amasanja mapilo kapena mabulangeti opinda ngati masitepe, kuyambira kumsana, m'mapewa, mpaka kumutu. Dokotala amaima chammbali n'kuyang'ana ngati bowo la khutu lili pa mzere umodzi ndi kadzenje ka pamwamba pa chifuwa, nkhope italoza kudenga. Zikatero, kholingo limaoneka bwino, mapapo amasunga mpweya wochulukirapo, mabere amatsikira kumimba osatchinga chogwirira cha chida choonera pakhosi, ndipo za m'mimba sizikwera msanga.

Pilo woikidwa pansi pa mutu pokha, mapewa atasiyidwa pansi, amapinda chibwano kulowa pachifuwa ndipo amawonjezera vuto m'malo molichepetsa.

Nanga kupendeketsa tebulo kumanzere n'kwa chiyani?

Kuyambira milungu 20 ya pakati, mayi akagona chagada chiberekero chimatha kupsinja mitsempha ikuluikulu ya magazi ya m'mimba, magazi obwerera ku mtima n'kuchepa, ndipo mwana naye amalandira ochepa. Pofuna kupewa zimenezi, tebulo limapendeketsedwa kumanzere ndi madigiri pafupifupi 15, kapena amaika chotsamira pansi pa chiuno chakumanja, kufikira mwana atatuluka.

Kodi ndi zoona kuti tsitsi loluka lingasokoneze?

Ndi zoona, ndipo amayi anzathu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose ayenera kuimva bwino mfundoyi, pakuti ambiri amakalukitsa tsitsi masiku akayandikira kuti lisawavute ali m'chikuta. Meshi yomangidwa mfundo yaikulu kunkhongo imakweza mutu mopitirira ndipo imaletsa khosi kupindikira kumbuyo. Ndi bwino kuluka zogona zopanda mfundo kumbuyo, ndipo anamwino akapempha kumasula tsitsi, mayi kapena womudikirira amasule mosanyinyirika.

N'chifukwa chiyani wina amapsinja pakhosi mayi akuyamba kugona?

Zakudya ndi asidi wa m'mimba zikalowa m'mapapo zimawawononga kwambiri, vuto limene dokotala wina, Curtis Mendelson, analifotokoza mu 1946. Pofuna kuti zimenezi zisakwere n'kulowa m'mapapo, wothandiza amaika zala pa kachichereche ka pansi pa kholingo, pang'onopang'ono mayi akadali maso, kenako ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 3 akagona. Tebulo likapendekeka, iye ayenera kupsinja molunjika kumsana kwa mayiyo, chifukwa akapsinjira chammbali kholingo limasuntha n'kubisika. Pa opaleshoni yokonzekera, mayi amasiya kudya maola 6 isanachitike, ndipo amapatsidwa mankhwala ochepetsa asidi.

Chubu chikakanika kulowa, amatani?

Malangizo aja salola kuyesa kopitirira kawiri, ndipo kachitatu ndi ka dokotala wodziwa zambiri yekha, popeza kuyesa kulikonse kumatupitsa pakhosi. Asanayesenso amakonza kagonedwe ka mutu ndi khosi, n'kuchepetsa kapena kusiya kupsinja kuja. Zikakanikabe, amapereka okosijeni ndi masiki kapena chipangizo chokhala pamwamba pa kholingo, kenako amaganizira zomudzutsa mayiyo kapena kupitiriza, malinga ndi ngozi imene iye ndi mwana alimo.

Mayi anene chiyani kusikelo?

Anene ngati amaliza mkonono kwambiri, ali ndi mano ogwedera kapena oikirira, amavutika kuyasamula kapena kupinda khosi, ndiponso ngati anauzidwapo kuti chubu chinavuta pa opaleshoni ina. Apemphe kuti zimenezi zilembedwe pa khadi lake, kuti dokotala wogonetsa azione ngakhale mayiyo atafika usiku akulephera kulankhula.