Mapazi a mbuzi m'munda si umboni wokwanira

Chaka chilichonse ndikayamba kuchonga asainimenti ya ophunzira amene angolowa kumene ku koleji, ndimakumana ndi vuto limodzimodzi. Masamba ndi anayi, Chingerezi chake chosalala, zikuonekanso kuti mwanayu anakhala nthawi mu laibulale. Koma ndikafika kumapeto ndimakhala ndisakudziwa kuti iyeyo waima pati.

Nthawi ina ndinapereka funso ili: kodi maphunziro aulere a ku pulayimale amene anayamba mu 1994 anathandiza dziko? Mtsikana wina analemba zoona zokhazokha. Anati boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi, ana a sukulu anachuluka m'chaka chimodzi kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ena ankaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri osaphunzira ntchitoyo. Potsiriza anati ndondomekoyi inali ndi ubwino wake komanso kuipa kwake. Ndi bolopeni yofiira ndinangomulembera kuti, "Nanga iwe ukuti bwanji?"

Sindimawadzudzula ana otere. Zaka zonse za ku sekondale akhala akuloweza manotsi kuti akawabweze pa mayeso a MSCE, ndipo anakhoza mwa njira imeneyo. Ku koleji timafuna kuti wophunzira atenge mbali, ndipo zimenezi zimaopsa munthu amene sanafunsidwepo maganizo ake.

Ganizo silibwera uli chikhalire kuyang'ana pepala loyera. Ndimawauza kuti atenge kope, alembe kwa mphindi khumi osaima, osafufuta, ngakhale m'Chichewa ngati ndi mmene mutu ukuyendera. Njirayi anaitchukitsa mphunzitsi wa ku America, Peter Elbow, m'zaka za m'ma 1970. Zambiri zimene ulembe ndi madeya, koma pakati pake pamapezeka chiganizo chimodzi chimene ukuchikhulupiriradi. Ukachipeza, kachinene mokweza kwa mnzako wa ku hosteli. Akangogwedeza mutu n'kuti "aliyense amadziwa zimenezo," ndiye kuti sunafike. Akati "iyayi, si choncho," wapeza mfundo yoti uilembere masamba anayi. Mtsikana uja anatulukira ndi iyi: boma linatsegula zitseko lisanakonzeke, moti ana ambiri analowa m'kalasi koma sanaphunzire mokwanira.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo ndikufuna tipamvetse bwino. Mu 1958 katswiri wa ku Britain, Stephen Toulmin, anafotokoza kuti mfundo yolimba imakhala ndi zimene ukunena, umboni wake, ndiponso chifukwa chimene umboniwo ukutifikitsira pa zimene ukunenazo. Gawo lachitatuli ndi limene limasowa m'mapepala ambiri amene ndimachonga. Koma aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi amalidziwa. Munthu akudandaula kuti mbuzi za mnansi wake zamudyera chimanga. Umboni wake ndi mapazi a mbuzi m'munda. Amfumu amafunsa kuti, "Mbuzi m'mudzi muno n'zambiri. Mwadziwa bwanji kuti ndi za iwowa?" Wodandaula akapanda kunena kuti analondola mapaziwo mpaka pakhola la mnansiyo, mlandu wamuthera pomwepo, ngakhale chimanga chinadyedwadi.

N'chimodzimodzi ndi chiwerengero cha ana 3 miliyoni chija. Pachokha sichikunena kuti maphunziro analowa pansi. Wina akhoza kuchitenga chomwecho n'kutamanda nacho boma. Wolemba ayenera kulondola mapazi: ana anachuluka mofulumira kuposa aphunzitsi ndi zipinda, kalasi ikadzaza chotero mphunzitsi sangathe kuona kope la mwana aliyense, ndipo mwana amene kope lake silionedwa amatha chaka akulakwitsa chinthu chomwecho popanda womukonza. Ziganizo zitatu zokha, koma ndi zimene zimasiyanitsa malikisi apakati ndi apamwamba.

Nanga kukopa wowerenga? Aristotle, Mgiriki wa zaka zoposa 2,300 zapitazo, anati anthu amakopeka ndi khalidwe la wolankhula, ndi mmene wakhudzira mitima yawo, komanso ndi kulimba kwa mfundo zake. Ophunzira amathamangira pa mtima. Amadzaza pepala ndi mawu ngati "n'zomvetsa chisoni kwambiri," poganiza kuti akakweza mawu ndiye timva. Ine chimene chimandichititsa kukhulupirira wolemba ndi mmene akuchitira ndi amene akutsutsana naye. Akamubisa, kapena akamuonetsa ngati chitsiru, ndimayamba kukayikira zonse zimene walemba.

Choncho ndinamuuza mtsikanayo kuti aganizire mayi wa kumudzi amene sakanatha kulipira fizi, koma mwana wake anadziwa kuwerenga chifukwa cha 1994. Mayi ameneyo akamva kuti ndondomekoyi inalephera, adzati chiyani? Anakhala chete kanthawi, kenako anandiuza kuti amayi ake omwe analowa Sitandade 1 chaka chimenecho, ali kale ndi zaka khumi.

Pepala lake lachiwiri linabwera ndi ndime yatsopano. Anavomereza kuti kwa mabanja ngati lawo, kalasi yodzaza inali bwino kuposa kukhala pakhomo, ndipo anasintha mfundo yake: kuchotsa fizi kunali koyenera, cholakwika chinali kusakonzeratu aphunzitsi ndi zipinda. Analondolanso mapazi aja ndime ndi ndime. M'mphepete mwa tsamba lachitatu, pamene anayankha mayi uja, ndinachonga kawiri.