Kukwecha khobidi lakale la ku Britain kumaligwetsa mtengo

Ambiri akapeza peni yamkuwa, monga ija yaikulu ya 1797 yolemera magalamu 28 imene Matthew Boulton anasula kufakitale yake ya makobidi ku Soho pafupi ndi Birmingham, amathamangira mandimu ndi mchere kapena Brasso (mankhwala owalitsira zitsulo) poganiza kuti ikawala ndiye igulidwa bwino. N'kulakwitsa kumeneko.

Mtundu wofiirira umene umakhala pakhobidi lakale si litsiro. Ndi khungu limene mkuwa umapanga pokumana ndi mpweya kwa zaka zambiri, ndipo ndi limene ogula amafuna. Asidi wa mandimu amalidya, khobidi n'kutsala lotuwa ngati lasupuka. Brasso amasiya timizere timene timaoneka pagalasi lokuza zinthu, ndipo sitifufutikanso. Mapeni a bronze (mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina), amene anayamba mu 1860, amawonongekanso chimodzimodzi.

Ngati pali dothi, viikani m'madzi a distilled (oyeretsedwa, opanda michere), kenako gunditsani pansalu yofewa osapukuta. Mafuta ndi zomata zimachoka ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa acetone. Gwirani m'mbali mokha, poti thukuta limadetsa mkuwa. Musasunge m'timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC: timatulutsa zobiriwira zonanda zimene zimaboola tizibowo pakhobidi. Tienvulopu ta pepala lopanda asidi, pamalo ouma, n'tokwanira.